Kontena Yanga Pamsewu wa ku Senga Bay

Malo a makaniko atatseguka pa loji yomwe ndinkagwirako ntchito ku Senga Bay, ndinapita kwa amanijala ndili ndi epuloni ya kochapira m'chiuno, n'kuwauza kuti ntchitoyo ndikuifuna ndine. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Mayi, inu mumachapa bwino zofunda. Injini zisiyireni eni ake."

Sanafunse n'komwe chomwe ndimadziwa. Akanafunsa ndikanawauza kuti malemu bambo anga ankakonza injini za maboti a asodzi, ndipo ine ndinakula ndikumasula mabawuti anzanga akusewera fulaye. Ndikanawauzanso kuti tchuthi chilichonse ndinkakathera ku Lilongwe m'galaja ya msuweni wanga, nditagona chagada pansi pa magalimoto. Mwezi utatha ndinawabwezera epuloni yawo.

Chomwe ndinkafuna ndinkachidziwa. Magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan ndi abwino, koma anawapangira misewu yosalala ya kwawoko. Kuno akangosiya tala kulowera ku Maganga kapena kumadoko, mimba imakhula mchenga, ekizozi n'kutsala panjira. Ndinkafuna shopu yoti galimoto izitulukamo itakonzekera misewu ya Salima: kuikweza pang'ono, mashoko olimba, chitsulo chotchinga kunsi kwa injini, fyuluta yopirira fumbi, ndi kutchuna injini kuti izikoka bwino osamwa mafuta ambiri.

Ndinapeza kontena yakale m'mbali mwa msewu wochokera kutauni kupita kunyanja. Amuna anga, omwe amaperekera zakudya pa hotela ina, anandithandiza kuipenta tsiku lawo lopuma. Apongozi anga atabwera kuchokera kumudzi n'kundipeza m'ovolosi, anagwira pakamwa.

"Mwanangu, ku tchalitchi anthu azinena chiyani?"

"Amayi, azinena kuti mpongozi wanu akugwira ntchito," ndinatero, n'kuwayalira chitenje pa tayala kuti akhalepo.

Masabata oyambirira anthu ankabwera kudzaonera, osati kudzagula. Madalaivala a matakisi ankaima, kusuzumira m'kontenamo, kugwiragwira masipuring'i, kenaka n'kufunsa kuti abwana ali kuti. Ndikawayankha kuti abwana ndi ine, ankayang'anana n'kukwera magalimoto awo.

Woyamba kundipatsa makiyi anali mayi wina wogulitsa mpunga. Ankapikula ku Maganga n'kumakagulitsa m'malesitilanti a m'tauni, ndipo galimoto yake inali itabooka kale kunsi kawiri konse.

"Ine sindikudziwa ngati mumatha," anandiuza mosabisa. "Koma amunawo andilephera, ndiye yesani inu."

Ndinaigwira masiku awiri. Atadzabweranso, matumba ali tho kumbuyo, anatsika akuseka, n'kunena kuti wadutsa pamchenga pomwe amatitimira nthawi zonse osatsitsa ngakhale thumba limodzi. Mayiyo pakamwa pake sipankakhala chete. Posakhalitsa anzake a usipa ndi a tomato anayamba kubwera, kenaka madalaivala angapo a pa siteji.

Apa m'pamene anandiyendera abambo awiri. Wina anali mwini galaja yaikulu ya pafupi ndi siteji, munthu wachikulire yemwe ankadziwana ndi bambo anga. Winayo anali tcheyamani wa madalaivala a matakisi. Ndinawapatsa benchi, ine n'kukhala pa chigubu.

Mwini galaja anayamba mofatsa. "Mwana wanga, bambo ako anali mnzanga. Sitikufuna kukuvuta. Iwe uzigulitsa zitsulozi basi. Zomangirira pa galimoto uzitumiza kwa ife. Mzimayi kumakwawa pansi pa galimoto pamsewu, sizioneka bwino."

"Bambo, zikomo pondiyendera," ndinayankha. "Koma chitsulo chomwe ndagulitsa ine, ndimanga ndine. Chikavuta munthu adziwe kobwerera."

Atcheya anadzuka n'kusasa thalauza. "Achemwali, ganizani bwino. Ife tikangonena mawu amodzi, takisi simudzaionanso pano."

"Nenani, atcheya. Msewuwu si wa siteji yokha."

Mawuwo ananenadi. Kuyambira sabata imeneyo takisi iliyonse inkadutsa pa kontena yanga dalaivala atayang'ana kumbali. Ndinamva kuti aliyense wopezeka kwa ine aziimitsidwa kunyamula anthu. Kunamvekanso mphekesera yoti galimoto yokwezedwa ndi ine imagubuduka pakona. Zinandipweteka, sindinama. Masiku ena ndinkakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndikungothamangitsa mbuzi pamthunzi wa kontena. Amuna anga anandifunsa kamodzi kokha ngati sikungakhale bwino kungovomera. Ndinawayang'ana, iwo sanabwerezenso.

M'mawa wina ndinapeza chibuloko cha injini yakufa, chadzimbiri, atachitula pakhomo penipeni polowera magalimoto. Amene anachibweretsa sindinamuone ndipo sindinamufufuze. Ndinaitana amayi ogulitsa chinangwa cha pamoto tsidya la msewu, tinachimanga chingwe n'kuchikwekweretsa mpaka m'mphepete mwa tala. Ndinachikwecha, n'kuchipaka penti yofiira, pamwamba pake n'kuimikapo chikwangwani cha shopu. Anthu olondolera alendo anayamba kumati, "Mukaona injini yofiira, mwafika."

Ntchito inayamba kubwera kuchokera kwina. Galimoto zonyamula alendo kupita kumalo osungirako nyama zakutchire a Kuti, aphunzitsi, alimi a ku Chitala omwe mapikapu awo amavutika m'matope, ngakhale anyamata a ku Lilongwe obwera kunyanja Loweruka ofuna marimu onyezimira a matayala. Anyamatawo ena ankafuna ndiwachotsere sailensa kuti galimoto izibangula. Ndinkawakaniza. Pano pali ana asukulu ndi anthu odwala, ndipo phokoso si mphamvu.

Mvula itayamba, misewu ya kumadoko inakumbika moopsa. Tsiku lina masana ndinamva galimoto ikulowera kuseri kwa kontena, komwe kuli tchire. Anali dalaivala wa takisi, bambo wa ndevu zake wa kufupi ndi doko, yemwe ndinkamuona akupita ku mzikiti Lachisanu. Anatsika akucheukacheuka.

"Mayi, wallahi ndatopa. Ekizozi ndaotcherera mpaka palibenso pootcherera. Ndikwezereni, koma tipangire kuseri kuno asandione."

Ndinaiyang'ana galimotoyo. Inalidi yomvetsa chisoni, ndipo ntchito ndinkaifuna. Koma ndinapukusa mutu.

"Bambo, kuseri kuno ndimataya oyilo wakutha. Ndikonza, koma kutsogolo, poonekera."

"Andiimitsa pa siteji."

"Mwina akuimitsani. Koma ine sindinabe kanthu kuti ndizigwira ntchito mobisala. Mukafuna, zungulirani. Mukapanda kufuna, sindikudandaulani."

Anaima nthawi yaitali atagwira chitseko. Ndinabwerera m'kontena n'kumakonza mashelefu, ndikudzifunsa ngati sindinaonjeze. Kenaka ndinamva injini ikulira. Ndinkayesa akupita, koma anazungulira n'kudzaima pafupi ndi injini yofiira ija, pomwe aliyense wodutsa angawerenge nambala yake.

Ndinaika jeke pomwepo. Matakisi ankadutsa, ena akuliza hutala, ena akuchepetsa liwiro kuti aonetsetse. Mmodzi anakuwa pawindo kuti, "Wagulidwa ameneyo!" Dalaivalayo anangokhala pa benchi n'kumadya chinangwa chake. Ine ndinatulutsa dzanja kunsi kwa galimoto, sipanala ili m'manja, n'kuwabayibitsa.

Atcheya anamuimitsadi pa siteji sabata yathunthu. Sabata imeneyo sanangokhala kunyumba. Ankanyamula amayi a usipa kuchokera kudoko lomwe matakisi ena ankalephera kufikako chifukwa cha maenje, ndipo atamulola kubwerera pa siteji, iye sanafulumire.

Lamulo la atcheya silinachotsedwe mpaka lero. Palibe anabwera kudzapepesa, ndipo ine sindinapite kukapempha. Madalaivala ena amabwera, ena amadutsabe atakhwimitsa khosi. Mwini galaja tikakumana pamaliro timapatsana moni waulemu, basi. Mwezi wathawu ndinabwera ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta ya galimoto kuti ndizidziwa vuto ndisanamasule kanthu, ndipo ndikuphunzirabe kukagwiritsa ntchito kudzera m'mavidiyo a pa foni. Pansi pa mtengo wa pambali ndayamba kukumba dzenje loti ndiziimamo pokonza kunsi kwa galimoto. Msana wanga watopa ndi kugona pamchenga, ndipo pano sindikuchokapo.