Kope Langa Lakuda

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, ndikupolisha nsapato kunyumba kwathu ku Area 15. Anali amuna atatu ovala zovala wamba. Ankafuna ine ndi kope langa lakuda.

Ndine mphunzitsi wa masamu. Nthambi yanga, topoloje, imafufuza zimene sizisintha pa chinthu ngakhale uchipinde kapena kuchikoka, bola osaching'amba. M'kopemo munali ntchito ya zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinaikopere pena paliponse. Uchitsiru umenewo ndi wanga.

Ananditsekera m'nyumba ina yopanda chikwangwani ku Area 4. Wondifunsa mafunso, bambo wa jekete labulawuni, anatsegula tsamba lomwe ndinajambulapo zozungulira ndi timadontho tolumikizana ndi mizere.

"Awa ndi maraundabauti a ku City Centre," anatero. "Pamadutsa akuluakulu apa. Mukufuna kutchinga pati?"

"Ndi masamu, bwana."

"Masamu opanda nambala? Aphunzitsi, kusukuluko ifenso tinapitako. Kadontho kalikonse apa ndi munthu. Tchulani mayina."

Ndikanatchula mnzanga aliyense wa kuntchito kapena kutchalitchi, akanakagogodanso kwake.

Anayamba ndi kundimenya ndi paipi. Za zimenezo ndingonena kuti choko masiku ano ndimagwira ndi dzanja lamanzere. Tsiku lachinayi anatulukira pamene pamandipweteka zenizeni. Akafunsa dzina ine n'kuyankha kuti palibe, ankandipatsa kope lija kuti nding'ambe ndekha tsamba limodzi, ndipereke kwa mlonda akapichire fodya.

"Ng'ambani mowongoka, aphunzitsi. Mlonda wathu sakonda zokhota."

Ndinkawerenga tsamba lililonse mothamanga ndisanang'ambe, kuyesa kuloweza. Nditafika pa tsamba lomwe linali msana wa ntchito yonse ndinalira mokweza, kulira kumene paipi inalephera kunditulutsa. Wa jekete uja ndinadana naye, ndipo ndimadana naye mpaka lero.

Masamba anatha m'sabata yachisanu ndi chimodzi. Lolemba lotsatira ananditsitsa m'galimoto ku Area 2, chikuto chokha chili m'manja.

"Pitani mukaphunzitse," anatero wa jekete uja. "Tapeza kuti analidi masamu."

Ndine mfulu, n'zoona. Anzanga onse ali m'makomo mwawo ndipo sadziwa kuti anatsala pang'ono kukhala timadontho. Ndayesa kulembanso ntchito ija kangapo, koma ndimafika pakati n'kuima, pamene panapita ndi utsi.

Ndimaphunzitsabe kuti chinthu ukachipinda chimakhala chomwecho, bola osaching'amba. Mawu omalizawo ndimawanena nditayang'ana kubolodi, kuti ophunzira asaone nkhope yanga.