Chitsulo chowotchera buledi

Ndikukumbukira tsiku limene makolo anga anakangana chifukwa cha chitsulo chowotchera buledi, m'mudzi momwe bulediyo anali atasowa kalekale. Kunali kwathu cha ku Mualadzi, nthawi ya nkhondo, ine ndili kamtsikana kongoyamba kumene kusenza ndowa yodzaza. Chinali chilimwe. Tchire linali litapsa, mphepo ikutithira phulusa m'maso, ndipo kantina, sitolo ya kumsewu, inali itatsekedwa, mkati mwake mukungothamanga abuluzi. Mchere tinkausunga ngati mankhwala. Sopo tinkangomukumbukira fungo.

Masana amenewo panafika bambo wina wamalonda akukankha njinga yopanda machubu, matayala atawadzaza udzu. Anayala chiguduli pansi pa mtengo wa mango pabwalo pathu n'kuyamba kutulutsa katundu m'thumba: masipuni osafanana, loko wopanda kiyi, galasi long'aluka, tinsapato ta mwana. Amalonda otere ankadutsadutsa masiku amenewo, ndipo ndalama sankazifuna. Ankasinthanitsa ndi nkhuku, nyemba kapena nsalu. Pomalizira anasolola chinthu chakuda bii, mbale ziwiri zachitsulo zolumikizana kumbuyo, zokhala ndi zogwirira zazitali. Atachitsegula chinayasama ngati kamwa la ng'ona.

Abambo anga anali munthu wokonda chilichonse chotseguka n'kutsekeka. M'nyumba mwathu munali wailesi yosalankhula, tochi yopanda mabatire ndi ambulera yotsala nthiti zokhazokha, zonse akuti tsiku lina zidzagwira ntchito. Atangochiona chitsulocho anasiya mphasa imene ankasoka n'kudzakhala chonjuta pafupi ndi chiguduli.

Wamalonda uja anafotokoza kuti ndi chiwiya cha kukhitchini kwa azungu. Umaika pawu pakati, ndilo dzina la buledi kwathu, mwina n'kuswerapo dzira, kenako umatseka n'kuika pamakala. Akatuluka amakhala wofiirira, wouma kunja koma wofewa mkati. Ankalankhula mokoma moti ine malovu anadzaza m'kamwa. Mtengo wake anati ndi tambala mmodzi.

Amayi ankapeta chimanga pakhonde, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Pawu wake uti, bambo a Luwiza? Munamuona liti pawu inu?"

Abambo anati nkhondo si ya muyaya, buledi adzabweranso, ndipo tsiku limenelo chitsulo chotere sichidzapezeka. Anatinso podikira tikhoza kumakanda ufa ndi nthochi zakupsa n'kumawotchera momwemo. Amayi anawakumbutsa kuti tambala pakhomopo analipo mmodzi yekha, n'kuwafunsa ngati nkhuku zathu zidzaswe anapiye ndi chitsulocho. Wamalonda anaseka, abambo anaseka, mkangano n'kumapitirira, uku akutsegula n'kutseka, uku lichero likungolira. Posowa chonena, abambo anafuna mboni. Anandiitana kuti ndichinyamule ndimve kulemera kwake, poti kwa iwo chinthu cholemera ndicho chinali chabwino.

Ndinachilandira ndi manja awiri. Chogwirira chimodzi chinali chakuda, chosalala, cha kufakitale. Chinacho chinali cha mtengo wa mlombwa, chosema ndi mpeni, chomangidwa ndi sipoko ya njinga. Chala changa chinakhudza kamtanda kakang'ono kowotchedwa ndi msomali kumapeto kwake.

Kamtanda kameneko ndinkakadziwa. Chaka cham'mbuyo ndinali ndi chilonda chosapola pamwendo, ndipo anakandisiya kwa malume a Bernardo, mlongo wawo wa amayi, m'mudzi wa kufupi ndi Chifunde, kuti ndizikatsukitsa kuchipatala. Malumewo anali khukhi wa Mpwitikizi wina wa sitolo, ndipo bwanayo pochoka anawasiyira chitsulochi. Malume anali Mkatolika wolemba mtanda pa chilichonse, ngakhale pa mthiko. Tsiku lina anapeza tibuledi tiwiri touma gwa kwa dalaivala wa lole, anatipaka chiponde, n'kutiwotcha m'chitsulo chomwechi kuti ndisiye kulira ndi chilonda. Ndinawaona ndi maso anga akuchipukuta n'kuchipachika pamwamba pa chitseko. Sankabwereketsa kwa munthu.

"Amayi," ndinatero, "ichi ndi cha malume."

Lichero linagwa. Chimanga chinamwazika pabwalo ponse, nkhuku zinathamangira, ndipo panalibe woziingitsa. Amayi anabwera n'kundilanda chitsulocho. Anayang'ana kamtanda kaja, anakasisita ndi chala, kenako anayang'ana wamalonda uja osaphethira.

Bamboyo anayamba kulankhula asanafunsidwe. Anati iye si wakuba, katunduyo anamugula kwa munthu wina padooko la mtsinje, ndipo munthuyo ankatola zinthu m'mabwinja.

"Kumudzi mukunenako kulibe anthu, mayi. Nyumba zinapsa mwezi wathawu. Ndimayesa munamva."

Sitinamve. Msewu unali utatsekeka, ndipo uthenga sunkayenda. Ndinayang'ananso pachiguduli paja. Mpaka nthawi imeneyo ndinkaona malonda, koma tsopano ndinaona kuti supuni iliyonse inali ndi pakamwa pake, loko anali ndi chitseko chake. Tinsapato tija tinali tothera mbali imodzi, monga zimathera nsapato za mwana wopondera kunja.

Apa zinthu zinatembenuka. Abambo, amene ankalimbikira kugula, anaimirira n'kuuza munthuyo kuti alongedze katundu wake azipita. Anati chinthu cha m'mabwinja sichilowa m'nyumba mwawo, ndipo anthu a mfuti akadzachipeza adzafunsa mafunso amene ife sitingathe kuyankha. Amayi anandipatsa chitsulocho kuti ndigwire, anamanga kapulana yawo, nsalu yovala, molimba m'chiuno, n'kuyamba kuthamangitsa tambala. Ndinali ndisanawaonepo amayi akuthamanga. Anazungulira nkhokwe, anagwa, anadzuka, mpaka anamupanikiza pa mpanda wa bafa. Anabwera naye atamugwira miyendo, mawondo awo akutuluka magazi.

Wamalonda anakana. Anati angotenga ulere, n'cha mbale wawo.

"Sindikugula ayi," anatero amayi. "Ndikuwombola. Tengani tambalayu."

Anatenga. Anamangirira tambala pa njinga n'kuchoka osatsanzika, ndipo sitinadzamuonenso.

Abambo anapita ndi amuna ena awiri kukaona kumudzi kwa malume, akudutsa m'tchire. Anabwerako ndi nkhope yogwa. Anapeza zipupa zakuda, nkhokwe zopsa, agalu oonda, koma malume sanawapeze, amoyo kapena akufa. Maliro sitinakhale, poti panalibe woika m'manda. Amayi anakulunga chitsulo chija m'nsanza n'kuchiika kumutu kwa mphasa yawo, ndipo abambo sanatchulenso zochitulutsa.

Mvula isanagwe nkhondo inafika kwathunso, ndipo tinathawira ku Zambia wapansi. Aliyense ankanyamula zimene mutu wake ungathe. Amayi anasiya mphika wawo waukulu, anasiya mtondo ndi mabulangete ena, koma chitsulo chopanda ntchito chija anachisenza ulendo wonse, mwana ali kumsana. Azimayi anzawo ankawaseka m'njira. Iwo ankangoyenda.

Kumsasa wa othawa nkhondo chitsulocho chinayamba kugwira ntchito. Amayi ankakhala m'mbali mwa njira yopita kumjigo, akukanda ufa ndi nthochi n'kumawotcha timikate pamakala, monga momwe abambo ananenera tsiku lija. Abambowo sanadzitame ngakhale kamodzi. Timikateto tinkanunkhira, tinkagulidwa, ndipo ndi timene tinatipezera mchere ndi makope a kusukulu. Koma ine ndinazindikira china. Nthawi zonse amayi ankachiika chitsulocho chogwirira cha mlombwa chitaloza kunjira. Kufunsa anthu za mlongo wawo sankatha. Ankadikira kuti wina achizindikire.

Ndipo tsiku lina mayi wina wachilendo, ndowa ili pamutu, anaima n'kuchiyang'anitsitsa. Anafunsa ngati sichinali cha a Bernardo akhukhi. Anali wa m'mudzi wa malume womwe uja. Anatiuza kuti tsiku loopsalo iye anabisala m'munda wa chinangwa, ndipo anawaona malume ali pamzere wa ogwidwa, atawasenzetsa thumba. Wina pagululo anauza anthu a mfutiwo kuti mkuluyu amadziwa kuphika, ndiye anawapatula. Kupitirira apo sankadziwa kanthu. Amayi anakhala pansi m'fumbi, timikate tikupserera, n'kumangobwereza kuti, "Anali akuyenda. Anali akuyenda ndi miyendo yawo."

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu n'kumanganso pabwinja lathu. Ine ndinali nditakula, ndili namwali. Madzulo ena tikukonola chimanga, tinaona nkhalamba yoonda ikubwera ndi ndodo, imvi mbuu, mano akutsogolo palibe. Ine sindinaizindikire. Amayi anakuwa ngati pamaliro, anthu anathamanga kudzaona, ndipo anawapeza atagwira miyendo ya mlongo wawo, akulira n'kumaseka nthawi imodzi.

Atadya n'kupuma, amayi analowa m'nyumba n'kubwera ndi chitsulo chija. Malume anachilandira, anachitembenuza, anachitsegula n'kuchitseka. Ife tonse mitima inali m'mwamba. Kenako anafunsa kuti chinafika bwanji kuno, ndipo amayi anafotokoza zonse, mpaka za tambala.

"Tambala wathunthu?" anatero malume. "Mlongo wanga, anakuberani. Chitsulochi chimapsereza mbali imodzi."

Tinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka. Za kutchire kumene anthu a mfuti anawatengera malume sanatiuze kanthu mpaka imfa yawo. Kuphika sanaphikenso. Munthu amene kale sankalola mkazi kukhudza miphika yake ankangokhala patali ndi moto, msana atautembenuzira kukhitchini.

Lero buledi amafika mpaka kwathu panjinga yamoto, wofewa, wokulungidwa m'pulasitiki. Mwana wanga wamkazi amakhala mumzinda wa Tete, ndipo posachedwapa anandiimbira foni kufunsa ngati n'kwanzeru kugula chowotchera buledi cha magetsi, kapena chidzangodzaza malo pakhitchini. Ndinamuuza kuti ngati ana ake amakonda buledi wowotcha agule, ndipo chikadzamutopetsa apatse mnzake. Ndinasangalala kuti funso lake linali lopepuka chotero. Iye amatha kuyenda pamsika wa zinthu zakale akusankha mapoto ndi nsapato, akunenerera mtengo, mtima uli m'malo. Ine mpaka pano sinditha. Ndikanyamula chinthu chimene chinagwirapo ntchito m'nyumba ya munthu wina, manja anga amachitembenuza okha, kufunafuna chizindikiro cha mwini wake.