Lichero Losapetera

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene nkhani imene ndikufuna kuika pamaso pa owerenga inachitika. Kunali kumudzi kwathu, chakufupi ndi Ludzi m'boma la Mchinji, patangopita zaka zochepa chiyambireni ulamuliro wa zipani zambiri. Ndikupempha owerenga kuti apirire nane ngati ndiyamba ndi kulongosola za m'nyumba, pakuti mlandu wonse unagona pa zinthu zopachikidwa pakhoma.

Mayi anga atamwalira, bambo anga anabwerera kwawo monga amachitira mkamwini, ndipo ine ndinatsala m'manja mwa amalume, a Yohane, amene anali mwini mbumba. Posakhalitsa kunafika akulu awo a mayi anga, a Velonika, amene ndinkawatchula kuti amayi aakulu. Iwowa anali atakhala zaka zambiri ku Zambia, kumene ankasamalira m'nyumba pa famu ina ya azungu kuseri kwa Chipata. Analibe mwana wamoyo. Ananena kuti abwera kudzandilera, ndipo amalume anavomera mosavuta, pakuti kwawo tinkagona ana ambiri pamphasa imodzi, ndipo ine ndinali wakumapeto kumene bulangete silinkafika.

Amayi aakulu anakonza nyumba ya malemu mayi anga. Anapaka makoma laimu, nazira pansi ndi mtsiro wakuda mpaka pansipo pankaterera. Kufikira pamenepa panalibe wodandaula. Koma ndiyenera kudziwitsa owerenga kuti masiku amenewo pabalaza pa munthu wolongosoka pankakhala kalendala, chithunzi chopatulika, nsalu ya chipani chimene mwini nyumba ankachikonda, ndiponso maluwa apulasitiki ogula kuboda. Amayi aakulu sanafune zimenezi, kupatula mtanda waung'ono pamwamba pa chitseko. M'malo mwake anasonkhanitsa malichero aakulu ndi aang'ono, anawapaka vanishi, nawandandalika pakhoma. Pathabwa lina anaika zikho zouma. Mtondo wong'ambika umene unatayidwa kuseri kwa nkhokwe anautsuka, nauimika pangodya, nazikamo ngala za mapira. Makatani anasoka a matumba a ufa owawiritsa mpaka kuyera.

Amene ndinkakhoma misomali ndinali ine. Nditafunsa cholinga chake, anandiyankha m'Chinyanja chawo cha kutsidya kuti, "Adona a kufamu kuja ndi mmene ankakongoletsera, alendo awo n'kumaima kukamwa kuli yasa. Zaka zonse zija ndinkapukuta za eni. Manje ndipukuteko zanga."

Sindibisa kuti nyumbayo inkakongola. Dzuwa la m'mawa likalowa pazenera, malichero aja ankawala ngati uchi, ndipo m'nyumba monse munkamveka fungo la vanishi ndi dothi lonyowa. Ndinali ndi mphasa yangayanga ndi bulangete langalanga.

Vuto linayamba tsiku limene akazi awo a amalume, a Esinati, anabwera kudzabwereka lichero.

"Alamu, ndibwerekeniko lichero, langa lathothoka mkombero."

"Tengani la kukhitchini lija," anatero amayi aakulu.

"Lijatu ndi laling'ono, mphale yanga ndi yambiri. Nanga awa ali mbwee pakhomawa?"

"Amenewo sapetera."

"Sapetera? Nanga amatani?"

"Amangokhala."

A Esinati anayang'ana khoma, anayang'ana zikho zija, kenaka anayang'ana ine. "Lichero n'kumangokhala," anatero pang'onopang'ono, natuluka osatenga ngakhale laling'ono lija.

Kwa owerenga amene sanakulire kumudzi, ndiyenera kumveketsa mfundo iyi. Kwathu mwana aliyense ankadziwa kuti mfiti imauluka pa lichero, ndipo kuti mankhwala oipa amasungidwa m'tizikho totchedwa nsupa. Pamwamba pa izo, anthu ankati chiwiya chimene sichigwira ntchito masana ndiye kuti chimagwira ntchito nthawi ina. Mlungu usanathe, amayi a m'mudzi analeka kudzapala moto kwathu. Kusukulu anzanga anandipatsa udindo umene sindinaupemphe. "Apailoti afika! Dzulo munatera kuti, ku Lusaka kapena ku Joni?" Lamulungu lina ndinawodzera m'tchalitchi, monga ankachitira amuna theka la mpingo ulaliki ukatalika, koma kuwodzera kwanga kokha ndi kumene kunakambidwa pachitsime. Ankati mwanayo sagona, akumuyendetsa.

Amalume anandiitanitsa kuchigafa kumene ankasoka fodya. Sanandikalipire. Anandipatsa chimanga chootcha, chinthu chimene sanachitepo pamene ndinkakhala kwawo.

"Fabiano, mphwanga, ukadzuka m'mawa thupi limakhala lotopa?"

"Nthawi zina, amalume."

"Ehe. Nyama mumadya kangati?"

"Mwakamodzikamodzi, akapita kumsika."

"Umaiona akugula?"

"Iyayi, ndimakhala kusukulu."

"Ehe," anateronso, nayang'ana fodya wawo nthawi yaitali. Kenaka anathyola kaudzu pa denga la chigafa nandipatsa. Anandilangiza kuti dzuwa lisanalowe ndikasanjike kaudzuko pamwamba pa mkombero wa lichero lalikulu, amayi aakulu osaona, ndipo m'mawa ndikaone ngati kalipobe. Anawonjezera kuti ngati zinthu sizili bwino, udindo wawo monga mwini mbumba unali wondichotsa m'nyumba imeneyo.

Mawu omaliza amenewa ndiwo anandiopsa koposa ufiti. Komabe ndiyenera kunena kuti pobwerera ndinaima pabalaza n'kuyang'ana malichero aja ndi maso ena. Ndinadzifunsa chifukwa chimene lalikulu linali pafupi ndi zenera, ndikuiwala kuti ndi ine amene ndinasankha malowo chifukwa njerwa yake inali yofewa polowetsa msomali. Kaudzu kaja ndinakasanjika.

M'mawa mwake kanali pomwepo. Ndisanasangalale, amayi aakulu analowa ndi kansanza, monga ankachitira tsiku lililonse asanateleke madzi, nayamba kupukuta malichero limodzi ndi limodzi. Kaudzu kaja kanagwa. Anakatola, anakayang'ana, nayang'ana denga lathu, limene udzu wake unali wa mtundu wina.

"Akutuma amalume ako?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Pita ukawauze zimene waona. Usawonjezere, usachotsere."

Ndinachita motero. Ndinawauza amalume kuti kaudzu kanagona pomwepo mpaka kucha, ndipo kanagwa chifukwa cha kupukuta. Ndinkayembekezera kuti nkhani yathera pomwepo. Amalume anaika singano pansi.

"Amapukuta m'mawa uliwonse?"

"Inde, amalume."

"Lichero losapetera, lopanda gaga, alipukuta chiyani?"

"Fumbi."

"Fumbi m'nyumba yozira? Iwe ndiwe mwana. Akupukuta mame."

Ndinalimbikira kuti kaudzu kanali kosasuntha. A Esinati, amene ankamvetsera ali kuseri kwa fodya, anati, "Mwamva mmene akuyankhira? Mwana wa zaka zimenezi kuyankha ngati loya. Amuphunzitsa kale."

Potsatira izi, amalume anaitanitsa abale a mbumba yathu Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango. Chigamulo chawo chinali chachidule: mlongo wawo achotse zinthu zija pakhoma, apo ayi mwana achoke. Amayi aakulu anali munthu wosagonja msanga, ndipo ndinkaopa kuti ayankha mwaukali. Anafotokoza za nyumba ya kufamu ija, za alendo ake, za mmene azungu ankasiririra ntchito ya manja ya anthu akuno. Azakhali ena okalamba anafunsa kuti, "Nanga mzunguyo analemera ndi chiyani?" Anthu anagwedeza mitu ngati funsolo layankha zonse.

Pamenepo amayi aakulu anadzuka. Analowa m'nyumba natulutsa malichero onse, zikho zonse ndi mtondo uja, naziunjika pabwalo pamaso pa aliyense. Anagwedeza chikho chilichonse atachizondotsa kuti onse aone kuti munalibe kanthu koma njere zouma. "Achimwene, khoma lija layera," anatero. "Amene akufuna lichero atenge. Mwana yekha musanditengere."

Panalibe amene anatambasula dzanja. Amalume anayang'ana muluwo, nati, "Zikanakhala zokongoletsa chabe mukanazichotsa msanga chonchi? Munthu wosalakwa amakana. Mwanayu achoke basi, akagone kwathu kuyambira lero."

Ndinaona amayi aakulu atagwira chitenje pakamwa. Amalume anandilamula kuti ndikatenge mabuku anga ndi bulangete.

Ndisanafike pakhomo, a Esinati anakuwira amuna awo.

"Bambo a Lute, mwati akagone kuti?"

"Kwathu."

"Pamphasa imodzi ndi ana anga? Mwana amene wauluka kale miyezi yonseyi? Mukufuna pofika Khirisimasi nyumba yonse ikhale bwalo la ndege?"

"Nanga ndimuike kuti?"

"Kumene mukudziwa, koma osati kwanga. Akalowa iyeyo, ine ndi ana anga tikutuluka."

Amalume anatembenukira kwa abale ena aja mmodzimmodzi. Wina anati nyumba yake ikudontha. Wina anati ayambe wafunsa amuna ake. Azakhali okalamba aja anati iwo ndi odwala mtima. Msonkhano umene unaitanidwa kuti undilanditse unatha anthu akubalalika mwakachetechete, aliyense akulambalala mulu wa malichero uja patali. Amalume anatsala okha, ndipo pomaliza anati ndikhale kaye pomwepo mpaka nkhaniyo itaunikidwanso. Siinaunikidwenso kufikira tsiku la imfa yawo.

Zinthu zija zinagona pabwalo masiku angapo, nkhuku zikukwerapo. Khoma linali ndi misomali yokhayokha, ndipo pabalaza pankaoneka ngati pa nyumba imene eni ake asamuka. Tsiku lina nditabwera kusukulu ndinawapeza akutsuka malichero aja ndi madzi ofunda.

"Tenga mpando ukwerepo," anatero.

"Amayi, anthu adzati chiyani?"

"Ndapachika, akuti ndikuuluka. Ndachotsa, akuti ndabisa. Manje popeza kunenedwa n'komweko, bola ndizinenedwa khoma langa likukongola. Lalikululo likhale pakati."

Ndinakwera pampando ndi kupachika monga anandilamulira, chitseko chili chotsegula ndipo anthu akudutsa pamsewu.

Sindinganamize owerenga kuti mudzi unasintha maganizo. Dzina la apailoti ndinakhala nalo mpaka ndinamaliza pulayimale, ndipo panali mabanja amene sanalawepo chakudya cha m'nyumba mwathu. Ena anabwerera pang'onopang'ono, makamaka pamene ankafuna munthu wodziwa kuphika keke ya ukwati. Koma ine ndinakulira m'nyumba imeneyo, pamphasa yangayanga, ndipo amene anandisunga ndi mayi amene anandifuna.

Tsopano ndine bambo wa ana, ndipo milandu ya pabanja imafikanso kwa ine monga malume wa ena. Chimene ndinatolapo ndi ichi, ndipo ndikuchipereka mwaulemu kwa aliyense amene ali ndi udindo wotere. Munthu amene wakayikira kale safunsa kuti amve, amafunsa kuti atsimikize, ndipo yankho lililonse limene mungampatse amalisandutsa umboni. Chotero munthu akabwera kwa ine ndi nkhani yakuti uje akuchita zachilendo, ndisanaitane woimbidwa mlanduyo ndimayamba ndafunsa wodandaulayo kuti anene chimene woganiziridwayo angachite kapena kuyankha kuti iye akhutire kuti palibe choipa. Akatchula, timapitiriza. Akalephera kutchula, ndimamuthokoza chifukwa chobwera, ndipo mlanduwo sindiuzenga.