Bokosi la Khirisimasi la Wiebe Tolsma

Wiebe Tolsma adabadwa ndi funso pakamwa. Ali mwana ankaima pa mlatho wa m'tauni yakwawo m'chigawo cha Friesland, kudikira kuti unyamuke boti lidutse, kenako n'kumuvutitsa wotsegula mlathoyo kuti chitsulo cholemera chonchi chimadzuka bwanji. Mafunso omwewo adamupititsa kusukulu ya uinjiniya, n'kumubweza kwawo kudzagwira ntchito ku khonsolo, m'chipinda cha oyang'anira milatho ndi ngalande. Anzake ankati ngati safunsa adadya phula, Wiebe yekha phula sadzalilawa mpaka imfa.

Chaka chilichonse, Khirisimasi ikayandikira, mthenga ankabwera ndi kangolo kolira mateyala, kodzaza mabokosi a mphatso: tchizi, soseji, botolo la vinyo. Aliyense wolembedwa ntchito ndi khonsolo ankalandira lake. Obwerekedwa ku makampani sankalandira, ndipo palibe ankadandaula. Zaka zikupita, Wiebe adaona chinthu chodabwitsa. Mipando idali yodzazabe ngati kale, koma mabokosi ankanka nachepa.

Nkhani ya Tjitske Postma ndiyo idamumasulira mwambiwo. Wiebe adamuphunzitsa yekha ntchito mtsikanayu, kulowa naye pansi pa milatho pa kabwato, kugogoda mizati ya mitengo kuti amve ngati yafumbwa. Lachisanu lina Tjitske adabweretsa keke wa pinki, monga amachitira aliyense wosiya ntchito, ndipo Wiebe adadya gawo lake mtima ukuwawa. Lolemba m'mawa adamupeza pa tebulo lomwe lija, akumwa khofi m'kapu yomwe ija, kungoti adavala jekete ya buluu yokhala ndi dzina la kampani.

"Kodi keke tinadya uja anali wa chiyani?" adafunsa Wiebe.

"Wotsanzikana."

"Nanga ukutani pano?"

"Ndabwerekedwa, a Wiebe. Khonsolo ilibe anthu, ndiye kampani yandituma."

"Ndiye tinatsanzikana ndi ndani?"

"Ndi malipiro a khonsolo," adatero Tjitske akuseka. "Galimoto andipatsanso. Inu zipalasani njinga yanuyo m'mvula."

Wiebe sadakwiye, koma funso lidamukhala m'mutu ngati minga kuphazi. Kampani yoyeza mlatho ndi yomwenso inkanena kuti ukonzedwe, n'kujambulanso mapulani ake. Anthu ake sadali akuba ayi, adali akatswiri ndithu. Komabe pankafunika munthu mmodzi wa khonsolo woti azitha kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" n'kukana ngati yankho silikumveka. Chaka chimene kangolo kadatula bokosi limodzi lokha m'chipindamo, Wiebe adadziwa kuti munthu wa khonsolo wotsalayo ndi iye yekha, ndipo mawondo ake adali atatha ndi ukalamba. Chisanu chikatha ankayenera kupuma pa ntchito.

Adayamba kumunyengerera Tjitske kuti abwerere ku khonsolo. Ankamuuzira pa khofi, pa kabwato, ngakhale pa makwerero.

"Kampani ikutuma komwe yafuna. Milathoyi ikufuna mwini wake."

"Mwayambanso ulaliki wanu uja? Chabwino, ndiganiza."

Mawu akuti "ndiganiza" Wiebe adawasunga ngati dzira. Khonsolo idalengeza malowo m'nyuzipepala, koma sikudabwere ngakhale wosokera. Ndiye tsiku lina Wiebe adapeza pa mpando wa Tjitske pali bambo wachilendo wa jekete ya buluu. Tjitske adali atatumizidwa ku mzinda wa Groningen kukagwira ntchito ina. Keke padalibe, chifukwa obwerekedwa satsanzika. Mlendo ndi mame, akulu sadaname. Wiebe zidamupweteka kwambiri, moti tsiku lonselo sadafunse munthu kanthu.

Patapita masabata angapo, bwana wake, Mayi Veenstra, adamuitana nkhope ili yowala.

"Vuto lija latha, a Wiebe. Kampani yalonjeza kutibwereka munthu wodziwa bwino milatho yathu. Akuti amufunsa kaye."

"Ndani ameneyo? Ndikumudziwa?"

"Dzina sanandiuze."

Masana omwewo foni ya Wiebe idalira. Adali a kampani, aulemu wawo, akufunsa ngati akadzapuma pa ntchito angakonde kumabwera masiku ochepa pa sabata, pa tebulo lake lomwelo.

"Ntchito yake yotani?" adafunsa Wiebe.

"Kuyang'anira ntchito za kampani yathu m'malo mwa khonsolo."

"Ondilipira?"

"Ifeyo, bambo."

Kunyumba, mkazi wake Aukje adamvetsera nkhani yonse akusenda mbatata, osatukula mutu.

"Upita iwe, ndimakudziwa. Sungagone usanaone kuti zitha bwanji."

Adanena zoona. Wiebe ankafunadi kuona, komanso milatho ija sakadatha kungoisiya ngati ana amasiye. Lachisanu lake litakwana adagula keke wa pinki, anthu adalankhula zomuyamikira, ndipo Lolemba adapalasa njinga kubwerera. Jekete ya buluu idamukwana bwino, chinthu chimene chidamunyansa pang'ono.

Ntchito idayenda. Ankafunsabe mafunso ake, ngakhale adadzipeza akuwafunsa motsitsa mawu, ndipo nthawi zina yankho lolowa m'mbali ankangolilandira. Disembala itafika adamva kulira kwa mateyala aja m'khonde, ndipo mosaganiza adasuntha mapepala pa tebulo kuti bokosi lipeze malo. Kangoloko kadafika pakhomo, mthenga adasuzumira, adagwedeza mutu popereka moni, n'kupitirira.

Wiebe adaimirira, chifukwa chibadwa sichichoka.

"Pepani anzanga, ndifunseko. Kodi muno wa khonsolo ndani?"

Onse, m'majekete awo a buluu, adasiya zimene ankachita. Mmodzimmodzi adatembenuka, monga adazolowera pakabwera funso lovuta, n'kuyang'ana iyeyo, kudikira kuti ayankhe.