Tsitsi Limene Ndinakwirira Kudimba

Ndikadutsa pa saluni ku Mtakataka, fungo la tsitsi lopserera limandikumbutsa amayi. Titamva kuti abambo akubwera kuchokera ku Joni, amayi anaika chipeso chachitsulo pambaula kuti awongole tsitsi.

"Alamu, chatenthetsa chimenecho," anatero azakhali. "Chiyambe chazizirako, mudzolenso mafuta."

Amayi sanadikire. Tsitsi linafuka utsi n'kuyoyokera pachitenje, ndipo pamwamba pa khutu panatuluka thuza. Ine ndinatola tsitsilo n'kukalikwirira kudimba, poganiza kuti limera ngati mpunga ndidzawabwezere. Ndinkalithirira m'mawa uliwonse.

Abambo sanabwere. Pachipsera paja sipanamerenso kanthu, ndipo amayi anavala duku mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Ndinadzazindikira nditakula kuti chinawafulumizitsa tsiku lija ndi mantha oti asiyidwa.