Ntchito Yothawitsa Njinga ya Che Mussa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha chitedze. Ndili Fomu 3 ndinachiwaza pampando wa a deputi, iwo n'kuvina pamaso pa kalasi yonse, ine n'kuuzidwa kuti ndikapume kaye kunyumba teremu yathunthu. Mayi anga analira. Koma mbiriyo itafika kwa Abiti Juma, anzawo a kumsika wa ku Liwonde, iwo anandiitanitsa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti mwana amene amamufuna ndi wotereyu, wopanda chisoni.

Amuna awo, Che Mussa, ali ndi butchala ya nyama ya mbuzi pafupi ndi siteji ya minibasi. Nthawi imeneyo anali atanenepa moti sikelo ya kuchipatala inkathera panjira, ankawayeza pa sikelo ya nandolo kwa mnzawo wogula mbewu. Shuga anali atakwera, BP chimodzimodzi, miyendo yotupa. Adokotala anawauza mosabisa kuti thupi likapanda kutsika, ana awo adzamaliza sukulu bambo ali kumanda. M'bale wawo wa ku Joni anati kumeneko amadula chifu kuti munthu azidya pang'ono, koma Che Mussa anakana. Anati iwo amatumbula mbuzi tsiku ndi tsiku, za m'mimba amazidziwa, palibe adzawatumbule ali moyo. Chomwe chinatsala n'kuyenda pansi ndi kuchepetsa kudya.

Ntchito inali yotere. M'mawa akachoka ku mzikiti tinkakwera njinga yawo yamoto, iwo akuyendetsa, ine nditamatirira pa kampata kotsala kumbuyo. Tinkawoloka Shire n'kulowa misewu yafumbi ya cha ku Kalembo. Tikafika patali ankatsika n'kundipatsa kiyi. Ine ndinkayendetsa patsogolo pawo pang'onopang'ono, pa kaliyala nditamanga chikwama cha chigubu cha madzi, thaulo, kamakina koyezera shuga, ndi maswiti omwe anesi anati ndiziwapatsa pokhapokha akayamba kunjenjemera. Lamulo la Abiti Juma linali limodzi: "Alire, atukwane, anene kuti akuchotsa ntchito, iwe usawakweze."

Ankatukwanadi, m'Chichewa, zikatha n'kulowa m'Chiyao. Ine ndinkaima ngati ndamva chisoni, akatsala pang'ono kugwira kaliyala n'kuthira moto. Sindikudziwa ngati ndidzapezenso ntchito yokoma chonchi.

Koma mwezi utatha sikelo ya nandolo ija sinasunthe, ndipo chifukwa chake ndinkachiona ndi maso anga. Midzi imeneyo ndi yomwe Che Mussa amagulako mbuzi. Khomo lililonse linkawaitana kuti asangodutsa osalawa madzi, koma madziwo anali thobwa lothira shuga, chinangwa chophika, zitumbuwa, mtedza wokazinga. Munthu wayenda mpaka malaya anyowa, n'kubweza zonsezo pamkeka umodzi, n'kupita khomo lina kukawonjezera. Iwo ankati sangakane chakudya cha munthu amene mawa akamugula mbuzi.

Ndinayesa zaulemu. Ndinawagwadira a Bwanali, omwe ali ndi khola lalikulu kuderako, n'kuwafotokozera zonse zomwe ananena adokotala. Anandiseka. Anati thupi ndi dalitso, ena akulifuna osalipeza, ndipo mwana wothamangitsidwa kusukulu asamaphunzitse akulu kulandira alendo. Tsiku lomwelo anawapatsa Che Mussa mbale ya mbatata ine ndikuona. Mpaka pano ndikakumbukira mtima umawira. Munthu wamva kuti mnzake akufa ndi kudya, iye n'kumuwonjezera mbale kuti mudzi uzimutama kuti ndi wopatsa.

Ndiye ndinabwerera ku luso langa. Ndinaima pa mjigo pomwe amayi amatunga madzi, n'kuwanong'oneza kuti abwana anapita kwa sing'anga ku Mozambique, ndipo aliyense wowapatsa chakudya mafuta awo amasamukira kwa iye. Apa ndinaphonya. Mawa lake mbale zinachuluka kuposa kale, amayi owonda akulimbirana kuti adye chawo.

Ndinabwerera pa mjigo paja n'kunena kuti dzulo sindinamalize. Mafuta sasamukira kwa munthu iyayi. Wowadyetsayo mbuzi zake ndi zomwe zimayamba kuwonda, kenako Che Mussa n'kudzazigula motchipa. Iyi inagwira. Sabata lisanathe tinkadutsa midzi yonse anthu akungokweza mkono patali. Che Mussa atadabwa ndinawauza kuti chaka chino anthu sanakolole. Sikelo inayamba kutsika, miyendo inaphwa, lamba ankamuboola mabowo atsopano ndi msomali wamoto, ndipo Abiti Juma ankandisungira chiwindi.

Tsiku lovuta linafika mu Okutobala, dzuwa la ku Liwonde likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi anthu. Tayala lakumbuyo linaphwa tili mkati mwa midzi. Ndinafuna kumasula chikwama, koma iwo anati ndithamange nayo njinga kwa omata ku msewu waukulu, madzi apempha m'makomo, kuno n'kwawo. Ndinanyamuka chikwama chili pa kaliyala. Sindinaganize kuti bodza la chakudya lingafike mpaka pa madzi.

Kumata kunachedwa. Pobwerera ndinawapeza pa mjigo uja, milomo itayera, maso atalowa. Ankapopa, madzi n'kutuluka, akasiya chogwirira kuti akatape ndi manja madzi n'kuleka. Kubwerera, kupopa, kuthamangira, madzi n'kuleka. Amayi anali chiimire pansi pa mtengo wa mango, ndowa ndi makapu m'manja, akuonerera. Amenewa ndi anthu omwe ankalimbirana kuwadyetsa zitumbuwa. Kapu imodzi ya madzi inawakanika chifukwa cha mbuzi.

Ndinawamwetsa a m'chigubu, ndinawayeza shuga, ndinawakulunga thaulo lonyowa m'khosi. Mphamvu zitangobwerera, chinthu choyamba kugwira chinali khutu langa. Mwana wina anali atawauza kale zonse. Anandikoka chomwecho mpaka pakhomo pa a Bwanali, mudzi wonse ukutsatira, n'kundilamula kuti ndinene zoona.

Ndinanena. Ndinati inde sing'anga kulibe, ndinapeka ndine, ndipo mawa ndikhoza kupekanso. Ndinawakumbutsa a Bwanali kuti zoona ndinabwera nazo chogwada iwo n'kundiseka. Ndinawafunsa amayi aja kuti ngati munthuyu amamukondadi, bwanji amusiya azithamangitsana ndi mjigo ngati wamisala. Ena anati andimenye, ena anati mayi anga anabala tsoka. Khutu linali likuyaka koma pakamwa sindinatseke.

A Bwanali anagwira manja a Che Mussa kupepesa, nati Satana analowa pakati pa abale. Nthawi yomweyo mkeka unayalidwa. Akazi awo anatuluka ndi chikho cha thobwa, ndikuona shuga akuthiridwa ndi sipuni yaikulu, mwana wina akuthamangitsa nkhuku kuseri. Makomo ena anayamba kutulutsa mbale kuti asatsalire. Ndinadziwa kuti zonse zomwe tinayendera miyezi ija zikuthera pamkeka umenewu.

Che Mussa analandira chikhocho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, thukuta likudontha, n'kuyang'ana lamba wawo. Kenako anachiika pansi bwinobwino n'kunena kuti, "Che Bwanali, mwanayu akukana za sing'angazi chifukwa cha mantha. Pomwe ananama ndi pamodzi pokha. Madzi alibe vuto. Koma ichi ndikamwa, za m'khola mwanumo musadzandifunse."

Chikho chinachotsedwa mwaliwiro lomwe sindinalionepo. Nkhuku inapulumuka. Titafika pa mlatho wa Shire anati ndine galu, n'kupempha kuti ndiwakweze. Ndinathira moto.

Bodzali linawatayitsa zambiri ndithu. A Bwanali ndi ena angapo anasiya kuwagulitsa mbuzi, ndipo mpaka lero alipo anthu ku Kalembo amene amalowetsa ziweto m'khola akaona Che Mussa akubwera. Che Mussa sanalitsutsepo bodzalo. Amakagula mbuzi kutali, amayenda okha opanda wowathawitsira njinga, ndipo tsopano amakwana pa sikelo ya kuchipatala. Ine ndinabwerera kusukulu.

Chomwe ndinatengapo n'choti munthu wofuna kuchepetsa thupi salimbana ndi mimba yake yokha, amalimbana ndi aliyense amene amamukonda ndi mbale. Ngati muli ndi m'bale wotere, akati wakhuta musiyeni, mupatseni madzi. Mukakanika, ndiuzeni mudzi wanu ndi pomwe pali mjigo.