Matayala Aakulu a Bambo Daka

A Wilbroad Daka anaphunzitsa masamu ku Petauke zaka makumi atatu. Atapuma pantchito sanasiye kuphunzitsa, kungoti m'kalasi munatsala munthu mmodzi: akazi awo, Amai Perpetua.

Pamene magalimoto ogwilapo kale ntchito ku Japan anadzaza msewu waukulu, nawonso anaitanitsa kawo ka haibulidi, kokhala ndi injini ya petulo komanso batile yothandiza kukoka. Kankanyamuka mwakachetechete moti nkhuku za pakhomo sizinkathawa. Aliyense wokwela ankauzidwa, afune asafune, kuti kuchoka ku Petauke mpaka ku Nyimba kagalimotoko kamangonyambita mafuta.

Chinawasokoneza ndi msewu wa ku Sandwe, kwawo kwa Amai. Tsiku lina kanakhula mwala kunsi, alamu awo n'kufunsa ngati matayalawo anawachotsa ku wilibala. A Daka anaseka nawo, koma mumtima munapsa. Sabata yomweyo anapita ku Kacholola kwa a Mateus, okonza matayala, amene anabwela ali mwana pothawa nkhondo ya ku Mozambique ndipo sanabwelelenso.

"Ndifuna matayala aakulu aja, a mano, ndi malimu ake achitsulo otakata," anatelo a Daka.

"Bambo, awa ni olemela," anayankha a Mateus. "Kagalimoto kanu kazavutika kuwazunguza, ndipo manowa amakakamila pa tala. Kazayamba kumwa mafuta."

"A Mateus, ine ndaphunzitsa masamu."

A Mateus sanatsutsenso, anangotenga sipanala.

Kagalimoto kaja kanatuluka pamenepo ngati mwana wovala nsapato za atate ake. Pa tala kanayamba kulila kuti wuu! Injini imene kale inkazima yokha kuti batile ikoke, tsopano inkangobangula, ndipo muvi wa mafuta unkatsika iwo akuona. A Daka anakayikila petulo. Anakayikila batile. Atasowa pogwila, analoza thumba la nshawa lomwe Amai anaika kumbuyo.

"Nshawa tinkanyamula ndi kale lomwe," anatelo Amai, maso ali kuwindo. "Zachilendo pano zilipo zinayi, ndipo zonse zili pansi."

Mawa lake a Daka analawilila ku Kacholola.

"Aang'ono aja akalipo? Ndingofuna kuyesa zinazake."

A Mateus anali atawasunga kuseli kwa chisakasa, ataphimba ndi lata. Anawamangilila osafunsa kanthu, ndipo popopa mpweya anangoti, "Muziyeza kawilikawili, bambo. Tayala lofewa nalonso limakhuthula thanki."

"Ndidziwa," anatelo a Daka, koma anafunsa nambala ya mpweya woyenela n'kuilemba padzanja.

Ku Sandwe amapitabe, m'chilimwe mokha, pang'onopang'ono, ndipo pa miyala ikuluikulu Amai amatsika n'kumawalozela podutsa. Matayala aakulu aja Amai anathilamo dothi ndi manyowa kuseli kwa khitchini, n'kubzalamo anyezi.